Kugula kagalimoto ka fowilo kakale: mtengo weniweni umaonekera kunsi

Chaka ndi chaka, mvula ikakhazikika mu Januwale ndipo misewu yafumbi ikasanduka phala, anthu amene ntchito yawo imawapititsa kumidzi amayamba kulakalaka galimoto ya fowilo, yokoka ndi matayala onse anayi. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu yakutali ndi tala, mlangizi wa zaulimi, m'busa woyendera mipingo ingapo, ndiponso mlimi amene amagona m'tauni koma munda wake uli kutsidya kwa dambo, onsewa amadziwa kuti Land Cruiser kapena Hilux thumba lawo silingafikepo. Maso awo amagwera pa tigalimoto tating'ono ta kaunjika tochokera ku Japan, monga Suzuki Jimny, Mitsubishi Pajero Mini, Daihatsu Terios ndi mbale wake Toyota Cami, timene pa intaneti timaoneka totsika mtengo mwina kuposa galimoto wamba ya banja. Kutsika mtengoko kuli ndi zifukwa zake, ndipo wogula amene sadazimvetse amalipira kawiri, koyamba kwa wogulitsa ndipo kachiwiri kwa makaniko.

Chiyambi cha nkhaniyi ndi malamulo a ku Japan. Dzikolo lili ndi gulu la galimoto zing'onozing'ono zotchedwa kei, zimene zimalipira msonkho wochepa ndipo zimadziwika ndi nambala zachikasu. Kuyambira mu 1990 injini ya galimoto ya m'gululi siyenera kupitirira 660cc, ndipo kuyambira mu 1998 galimotoyo siyenera kupitirira mamita 3.4 m'litali ndi mamita 1.48 m'lifupi. Pajero Mini, Terios Kid ndi Jimny ya mtundu wa JB23 zidapangidwa motsatira miyezo imeneyi. Pamwamba pa izi, galimoto ku Japan imayenera kupimidwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimako, kumene amakutcha shaken, kumadya ndalama zambiri. Msonkho wa pachaka nawo umakwera galimoto ikapitirira zaka 13. Motero mwini wake amaona kuti n'kwanzeru kuigulitsa kusiyana n'kuikonzetsa, ndipo galimoto zoterezi zimathera m'misika ya okushoni kumene amalonda otumiza kunja amazigula. Popeza ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga kuno kwathu, chiwongolero chili kale mbali yoyenera, n'chifukwa chake galimotozi zadzaza ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Koma tigalimototi, ngakhale timafanana maonekedwe, ndi tosiyana kwambiri m'kapangidwe. Jimny ndiyo yakale pa tonse. Suzuki idatulutsa yoyamba mu 1970, ili ndi injini ya 359cc yokha, ndipo ngakhale yasinthidwa mu 1981, mu 1998 ndi mu 2018, mfundo zake zazikulu sizidasinthe. Bodi yake imakhala pamwamba pa chasisi chachitsulo chooneka ngati makwerero, monga zimakhalira pa lole. Matayala akutsogolo ali pa ekiselo imodzi yolimba, akumbuyonso chimodzimodzi, moti tayala lina likakwera pamwala, linzake limakanikizidwira pansi n'kugwirabe nthaka. Imalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo kunsi kwake kumatalikira pansi masentimita pafupifupi 20. Kupepukako ndiko chida chake chachikulu, chifukwa pa dothi la makande pamene galimoto yolemera matani awiri imatitimira mpaka m'mimba, Jimny imatha kudutsa pamwamba, ndipo ikatitimira, anyamata anayi a m'mudzi amaitulutsa popanda kuitana thirakitala. Paja tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Liwu loti fowilo ndi limene limasocheretsa anthu ambiri, popeza limatchulidwa pa zinthu zitatu zosiyana. Pa Jimny, Pajero Mini ndi Suzuki Escudo yakale, galimoto imayenda ndi matayala akumbuyo okha mpaka woyendetsa atalowetsa akutsogolo, ndipo pali malo atatu osankhapo: 2H ya pa tala, 4H ya pa msewu woterera, ndi 4L, giya yamphamvu imene imayendetsa galimoto pang'onopang'ono koma mokoka kwambiri. Pa Terios ndi Cami, komanso pa Toyota Rush imene idatuluka mu 2006, matayala onse anayi amakoka nthawi zonse ndipo pali batani lomangira difu yapakati (chipangizo chimene chimalola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana), koma giya ya 4L palibe. Galimoto yotere imachita bwino pa msewu wamatope wamba, koma pa chitunda cha miyala chofuna kukwawa, monga makona a Gorodi pokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba, woyendetsa amakakamizika kuseweretsa kilatchi mpaka kununkha. Mtundu wachitatu ndi wa galimoto zimene zili ndi maonekedwe a fowilo okha, pamene kunsi zimakoka ndi matayala awiri basi.

Mtundu wachitatuwu ndidauona ndi maso anga tsiku lina nditaperekeza mlamu wanga kukaona Pajero Mini ku Lilongwe. Kagalimotoko kadali koyera bwino, tayala lapadera lili kumbuyo m'chikuto chake, ndipo wogulitsa adabwereza katatu konse kuti n'kothyola paliponse. Makaniko amene tidapita naye sadayankhe kanthu. Adatsegula chitseko, n'kuyang'ana pakati pa mipando, pamene payenera kukhala kandodo kachiwiri pambali pa giya, ndipo padalibe. Kenako adatsegula boneti, n'kupukuta ndi chala kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi, n'kutiwerengera kuti H53A. Adatifotokozera kuti Pajero Mini ya fowilo ya zaka zimenezo imayamba ndi H58A, ndipo H53A imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Wogulitsayo sadatsutse, adangoti iyenso adaigula choncho. Msampha womwewu ulipo pa Rush, pamene J210E ndi ya fowilo koma J200E si ya fowilo, ndipo ngakhale Jimny idakhalapo ndi mitundu yochepa, monga J2, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Nambala ya chasisi imalembedwa pa tsamba lililonse la malonda a galimoto za ku Japan, choncho munthu angathe kudziwa zimenezi asanatumize ngakhale tambala imodzi.

Ngakhale fowiloyo ikhalepo, sizitanthauza kuti ikugwira ntchito. Pa Jimny ya 1998 kupita m'tsogolo, matayala akutsogolo amalumikizidwa ndi mahabu oyendera mpweya umene injini imakoka kudzera m'timapaipi ta labala. Timapaipito tikang'ambika ndi ukalamba, kapena masilo a m'mahabu akatha, woyendetsa amalowetsa 4H koma matayala akutsogolo sakoka, ndipo kawirikawiri nyali ya fowilo imangophethira. Amakaniko ambiri amathetsa vutoli poikapo mahabu otembenuza ndi dzanja, zimene ine ndimaona kuti n'zabwino kwa galimoto ya kumudzi, ngakhale zimafuna kuti munthu atsike m'matope kukatembenuza. Njira yoyesera ndi yosavuta: pitani pa mchenga kapena pa udzu wonyowa, lowetsani 4L, ndipo wina aime panja aone ngati matayala akutsogolo akukumba dothi ponyamuka. Chosayenera kuchita ndicho kuyenda pa tala muli mu 4H kapena 4L. Galimoto za mtunduwu zilibe difu yapakati, motero pokhota matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana, ndipo kulimbanako kumathera m'tcheni ndi m'magiya a bokosi logawa mphamvu. Galimoto imene mwini wake wakale ankaiyendetsa motero imalira kunsi kapena kutulutsa giya yokha, ndipo bokosi limeneli silipezeka wamba.

Nkhani ya injini ndiyo imene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa apa m'pamene masamu a anthu ambiri amalakwika. Munthu amaganiza kuti injini ya 660cc idzamwa mafuta ngati njinga yamoto, ndipo m'dziko limene tazolowera kugona pa mizere ya petulo, ganizo limenelo limakoka mtima. Zoona zake n'zakuti injini yaing'onoyo ikukoka galimoto ya tani imodzi, yaitali ngati bokosi, yolimbana ndi mphepo, ndipo kuti ikwanitse kawirikawiri imadalira turbo ndi kuzungulira mothamanga kwambiri. M'tauni komanso m'misewu ya kumudzi, kumene liwiro ndi lochepa, imachita bwino ndithu. Koma pa M1, kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, makamaka ikakhala ya otomatiki ndipo mwakwera anthu anayi, injiniyo imakhala ikukuwa ulendo wonse, mafuta imamwa osasiyana kwenikweni ndi galimoto ya 1300cc, ndipo pa chitunda chachitali ngati cha Chiweta m'nyengo ya Okutobala kutentha kwake kumafika pamalire. Injini zimenezi zidapangidwira maulendo afupiafupi a ku Japan, ndiponso zimafuna oyilo wabwino wosinthidwa pafupipafupi. Turbo ikayamba kutha imatulutsa utsi wabuluu, makamaka galimoto ikaima kwa kanthawi injini ikulira kenako n'kuponda moto, ndipo nthawi zina imaimba kaluzu kosazolowereka. Pa chifukwa ichi ndi bwino kupempha kuti mudzaipeze injini ili yozizira, mudzailize nokha. Wogulitsa amene mwamupeza atailiza kale m'mamawa musanafike, mwina ali ndi chimene akubisa.

Kwa munthu woyenda mitunda italiitali, Jimny ya 1300cc, imene ku Japan inkatchedwa Wide kenako Sierra, kapena Terios ya 1300cc, kapena Escudo ya 1600cc, ndi yanzeru kuposa kei iliyonse, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Injini za Jimny, M13A ya 1300cc ndi K6A ya 660cc, zimayendera tcheni, pamene 4A30 ya Pajero Mini imayendera lamba wofunika kusintha pa nthawi yake, ndipo popeza mbiri ya galimoto ya kaunjika sidziwika bwino, lambayo ndi woyenera kusinthiratu ikangofika. Pajero iO imakopa anthu chifukwa ndi yokulirapo ndipo ili ndi zitseko zambiri, koma zambiri zochokera ku Japan zili ndi injini ya GDI, yopopera petulo mwachindunji m'masilinda, imene imadziwika ndi kuunjika mwaye m'kati ndi kuvuta kwa pampu ya mafuta, ndipo si makaniko aliyense amene amaidziwa bwino.

Injini ikafa, munthu amagula ina n'kuikamo. Chimene chilibe mankhwala ndi dzimbiri. Anthu a kuno sitiliganizira kwenikweni, popeza dziko lathu lili kutali ndi nyanja ya mchere ndipo galimoto zokulira kuno zimatha zaka makumi awiri kunsi kuli bwino. Koma ku Japan tigalimoto ta fowilo timagulidwa kwambiri m'madera ogwa chipale chofewa, monga Hokkaido, Tohoku ndi Niigata, kumene amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira m'kati. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa penti wonyezimira ndi mipando yotsukidwa, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa Jimny, malo odziwika ndi kunsi kwa nyali zakutsogolo, pansi pa buti pamene pamakhala jeke, m'mphepete mwa kunsi kwa zitseko, ndi pamene bodi imamangidwira ku chasisi. Makaniko wodziwa ntchito amaikweza pa dzenje, n'kutenga sikuludiraiva kapena kahamala, n'kumagogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngati belu, chodyeka chimamveka ngati mukugogoda chikatoni ndipo chimagwetsa makoko ofiira. Phula lakuda lopakidwa kumene kunsi kwa galimoto yakale liyenera kukuchenjezani, chifukwa nthawi zambiri limapakidwa pamwamba pa dzimbiri. Pajero Mini ndi Terios zili pangozi yoposa, popeza mafupa ake ndi owotchereredwa kumodzi ndi bodi, moti akadyeka palibe chochotsa n'kuikapo china.

Pali vuto linanso limene eni Jimny padziko lonse amalidziwa. Galimoto ikafika pa liwiro la makilomita pakati pa 60 ndi 80 pa ola, n'kugunda kadzenje, chiwongolero chimayamba kunjenjemera mwamphamvu ngati chikufuna kuthawa m'manja, ndipo sichileka mpaka mutachepetsa liwiro. Gwero lake kawirikawiri ndi maberingi a kingipini, pamene tayala lakutsogolo limakhotera, amene alowa madzi n'kuchita dzimbiri, nthawi zina pamodzi ndi mabushi otha kapena matayala osabalansidwa. Kukonza kwake sikodula kwambiri, koma wogula ayenera kuyesa galimotoyo pa liwiro limeneli pa msewu wokumbika pang'ono, osangozungulira nayo pa bwalo la wogulitsa. Akaona girizi kapena oyilo akutuluka pa mpira wachitsulo umene uli kuseri kwa tayala lakutsogolo, adziwe kuti ntchito ikumudikira.

Za chitetezo siziyenera kubisidwa. Galimoto yaitali, yopapatiza komanso yaifupi imapendekeka msanga pokhota mwadzidzidzi. Ku America nkhaniyi idafika kukhoti: mu 1988 magazini ya Consumer Reports idalemba kuti Suzuki Samurai, mbale wa Jimny, imagubuduka mosavuta, malonda ake adagwa, ndipo Suzuki idasuma mlandu umene mbali ziwirizi zidathetsa pogwirizana mu 2004. Kaya adalondola ndani, woyendetsa pa misewu yathu, pamene mbuzi kapena kabaza amatulukira mosayembekezereka, ayenera kukumbukira kuti sakuyendetsa Corolla. Kusanjika matumba padenga kumawonjezera ngoziyo, ndipo galimoto zimene achinyamata a ku Japan adazikweza ndi masipiring'i aatali n'kuziveka matayala akuluakulu, ngakhale zimaoneka zaukali pa chithunzi, ine sindingalangize munthu wofuna galimoto ya ntchito kuti azigule, chifukwa nthawi zambiri zidazunzidwa m'mapiri ndi m'mitsinje.

Tsopano za ndalama. Mtengo umene umalembedwa ndi zilembo zazikulu pa masamba a makampani monga Be Forward kapena SBT Japan ndi wa FOB, kutanthauza mtengo wa galimoto ili pa doko la ku Japan. Pamwamba pake pamabwera ndalama ya sitima mpaka ku Dar es Salaam, imene pa galimoto yotsika mtengo imatha kufanana kapena kuposa mtengo wa galimotoyo. Kenako pali zolipira pa doko, malipiro a ejenti, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita oposa 900 kukafika pa chipata cha Songwe, ndipo kwa wokhala ku Lilongwe patsalabe makilomita oposa 600. Ulendo umenewu ndi mayeso aakulu kwa injini ya 660cc imene yaima miyezi ingapo, makamaka ikakhala m'manja mwa dalaivala wothamangira kukatenga galimoto ina. Pa chipata pali msonkho wa MRA, umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo galimoto yokalamba kwambiri imalangidwa pa msonkho. Ndi bwino kufunsa ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka chiwerengero chenicheni musanalipire ku Japan, popeza malamulowa amasintha ndi bajeti. Zonsezi zimawerengedwa m'madola, ndipo amene adaitanitsa galimoto kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akukumbukira mmene masamu awo adasokonekera katundu ali panyanja.

Woitanitsa ku Japan ali ndi mapepala awiri omuthandiza. Loyamba ndi pepala la ku okushoni, limene limapereka giredi ya galimoto, monga 3, 3.5, 4 kapena 4.5, pamene R imasonyeza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto chimene chili pa pepalalo, chilembo S chimasonyeza dzimbiri ndipo C chimasonyeza kuti chitsulo chadyeka. Lachiwiri ndi satifiketi yotulutsira galimoto m'dziko la Japan, imene imalemba makilomita amene galimoto idali itayenda pa nthawi za shaken zomaliza. Ngati pepalalo likuti zaka zitatu zapitazo idali pa 140,000 koma mita ikuonetsa 80,000 lero, palibe chofunsanso. Tiyeneranso kudziwa kuti Jimny imasunga mtengo ngakhale ku Japan komweko, popeza ili ndi anthu oikonda kwambiri, motero Jimny yotsika mtengo modabwitsa imakhala ndi chifukwa chake. Pajero Mini imatsika mtengo mwachibadwa chifukwa Mitsubishi idasiya kuipanga mu 2012.

Kugula galimoto imene ili kale m'dziko muno kuli ndi ubwino woti mumaigwira ndi manja, koma kumafuna kusamala pa mapepala. Dzina la pa bulubuku ligwirizane ndi chiphaso cha wogulitsa, nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa, ndipo kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike nonse muli pomwepo, osati kusiyira dobadoba amene mwakumana naye pa geti. Galimoto imene ili ndi nambala zakunja kapena imene msonkho wake sudathe kulipidwa ingathe kulandidwa ili m'manja mwanu. COF yatsopano si umboni woti galimoto ili bwino, imangosonyeza kuti idadutsa tsiku limenelo.

Musanapereke ndalama, tengani tsiku limodzi muyende m'mashopu a masipeya ku Malangalanga, ku Biwi, ku Limbe kapena ku Ndirande, mufunse mitengo ya zinthu zisanu zokha: ladiyeta, turbo, mapadi a mabuleki, maberingi akutsogolo ndi galasi lakutsogolo. Za Cami, Terios ndi Rush zimapezeka mosavutirapo chifukwa cha ubale wa Daihatsu ndi Toyota. Za Jimny ya 1300cc zikasowa kuno zimatha kuchokera ku South Africa, kumene galimotoyi inkagulitsidwa yatsopano, koma za injini za 660cc nthawi zambiri zimadikira wina aphwasule galimoto yake kapena ziitanitsidwe kunja. Funsaninso za matayala, chifukwa apa ambiri amadzidzimuka atagula kale. Jimny JB23 imavala 175/80R16 ndipo Pajero Mini imavala 175/80R15, masaizi opapatiza amene ogulitsa matayala ambiri sasunga, pamene 205/70R15 ya Jimny ya 1300cc imapezeka msanga. Pa galimoto ya fowilo matayala onse anayi ayenera kukhala a saizi imodzi ndi otha mofanana, choncho chizolowezi chathu chogula tayala limodzi la kaunjika lililonse limene lakwana pa limu chimawononga magiya. Matayala amene galimotoyo imabwera nawo ku Japan kawirikawiri amakhala a pa tala kapena a m'chipale, ofewa ndi okalamba, ndipo m'matope a makande amadzaza dothi n'kusalala ngati sopo, fowilo n'kukhala yopanda ntchito.

Chotsala ndi malo a katundu, chimene zithunzi sizionetsa. Jimny yakale ndi Pajero Mini zili ndi zitseko ziwiri za anthu ndi mipando inayi, ndipo anthu anayi akakhala, kumbuyo kumatsala malo a zikwama ziwiri zazing'ono. Matumba a feteleza a makilogalamu 50 amalowa pokhapokha mutapinda mipando yakumbuyo, ndipo mukatero galimotoyo yasanduka ya anthu awiri. Mlamu wanga uja, atawerenga ana ake atatu, apongozi ndi matumba a chimanga amene amabwera nawo kuchokera kumudzi mwezi wa Meyi uliwonse, adazindikira kuti ngakhale Pajero Mini ija ikadakhala H58A sikadamukwanira. Adadikira miyezi ina isanu n'kugula Cami ya zitseko zinayi, imene ilibe 4L, ndipo mvula ikagwa usiku wonse amaisiya pa sitolo ya pa mphambano n'kumaliza makilomita awiri otsalawo wapansi.